Mbuya ndi mavoti a m'chigwa

Ukatsika mapiri a ku Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu kulowa ku Chikwawa, ndale zimayamba kuyenda mwa mtundu wina. Kumtunda anthu amafunsa chipani. Kuno akuluakulu ankafunsa kuti, "Mbuya ali mbali iti?" Mbuyayo anali Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje.

Chakuamba anakwera msanga m'boma la Kamuzu Banda. Anali nduna, anali mkulu wa Malawi Young Pioneers, ndipo m'chigawo cha kummwera mawu ake ankaopedwa. Tisanamizane, chikwapu cha chipani chimodzi anachigwirako iyenso. Koma mu 1980 chikwapucho chinamutembenukira. Anamangidwa pa mlandu woukira boma, ndipo khoti la mafumu, komwe loya sankaloledwa kuyimira munthu, linamugamula zaka 22.

Ali m'ndende chigwa cha Shire chinaliranso. Mu May 1983 David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, anaphedwa ku Mwanza limodzi ndi nduna zitatu: Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala. Boma linati inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza lomwe Bakili Muluzi anakhazikitsa atalowa m'boma linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti Kamuzu ndi John Tembo khoti linawapeza osalakwa mu 1995.

Chodabwitsa chinachitika mu 1993. Chakuamba atatuluka m'ndende patatha zaka 13, anangopondako pang'ono ku UDF, kenako n'kubwerera ku chipani chomwe chinamumanga. Chaka chisanathe anali mlembi wamkulu wa MCP, ndipo Kamuzu atapita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni, iye ndiye anatsogolera khonsolo ya anthu atatu yomwe inagwirizira boma, pamodzi ndi Tembo ndi Robson Chirwa. Mkaidi wa dzulo lija! Ena ankati ndi mtima wokhululuka, ena ankati ndi njala ya mpando. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zinalimo.

Chigwa chinamutsatira. Pa chisankho cha 1994, pamene kummwera kunali chikasu chokhachokha, ku Nsanje tambala wakuda analirabe. Mu 1999 Mbuya anayima ndi Chakufwa Chihana wa AFORD ngati womutsatira, napeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse, Muluzi 52. Anakadandaula ku khoti koma sizinaphule kanthu. Atakangana ndi Tembo anayambitsa Republican Party, ndipo Asena ndi Amang'anja anasiya tambala n'kumulondola komweko, ngati kuti chipani ndi malaya ongovula.

Chisankho cha 20 May 2004 ndicho chimawawabe. Mgwirizano Coalition, gulu la zipani lomwe Chakuamba analiyimira, inali ndi chikhulupiriro kuti yapambana, koma zotsatira zinamuika Chakuamba pa nambala yachitatu, kumbuyo kwa Bingu wa Mutharika ndi Tembo. Ku Blantyre kunabuka zipolowe, anthu anafa. Patangopita masabata ochepa, Mbuya anasiya mlandu wa chisankho n'kugwirizana ndi boma lomwe ankati labera. Mu February 2005 anapatsidwa unduna wa zaulimi, mu September chaka chomwecho anachotsedwa, nkhani itamveka ya galimoto ya BMW X5 yomwe akuti inagulidwa ndi ndalama zosayenera. Atalankhula mawu owawa pa msonkhano, apolisi anamugwira pa mlandu wonyoza pulezidenti. Zaka 25 zinali zitadutsa kuchokera pa kumangidwa koyamba, dziko lili m'zipani zambiri, koma njira yothana ndi mnzako wa dzulo inali yomwe ija.

Bingu anayesa kukopa chigwa ndi doko. Mu October 2010 anatsegulira Nsanje World Inland Port pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma bwato lomwe anthu ankalidikira linagwidwa ndi boma la Mozambique. Simenti ija idakalipo m'mbali mwa Shire.

Chakuamba anamwalira mu October 2016. Nsapato zake anaziyesa Sidik Mia wa ku Chikwawa, yemwe Lazarus Chakwera anamusankha kukhala womutsatira mu 2019 pofuna mavoti omwewa a m'chigwa. Chisankho chija khoti linachithetsa pa 3 February 2020 chifukwa cha tipeksi, ndipo pa chibwereza Mia anapereka malo kwa Saulos Chilima. Mia anapatsidwa unduna wa zamtengatenga, koma Covid-19 inamutenga pa 12 January 2021.