Oyenda pansi ndi apanjinga mu Joni: tidziteteze pamsewu

Mwa anthu 10 alionse omwalira pa ngozi zapamsewu mu South Africa, pafupifupi 4 amakhala oyenda pansi. Ambiri mwa ife kuno timalawirira ku ntchito kusanache n'kubwerera kutada, wapansi kapena panjinga yakapalasa, choncho nkhaniyi ndi yathu.

Choopsa kwambiri ndi kudumpha misewu ikuluikulu monga M1, M2, N1, N3 ndi N12. Lamulo sililola woyenda pansi kapena wapanjinga m'misewu imeneyi. Galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi. Mukaona nyali zake ngati zili kutali, dziwani kuti yafika kale, ndipo dalaivala ngakhale aponde buleki sangaime msanga. Kuzungulira kukafuna mlatho kumatopetsa, makamaka mutanyamula katundu kapena mutabereka mwana, koma zungulirani ndithu. Amene mumachokera ku Alexandra kupita ku Sandton, mlatho wa pa Grayston anaumangira inuyo oyenda pansi ndi apanjinga.

Mkati mwa tauni samalani ndi mataxi. Amaima paliponse ndipo amanyamuka mwadzidzidzi. Mukatsika, musawoloke kutsogolo kwake. Dikirani ichoke kuti muone bwino msewu. Maroboti akazima, aliyense amathamangira kudutsa, ndiye musaponde msewu mpaka mutaonana maso ndi dalaivala. Foni m'thumba, zomvera nyimbo zichoke m'makutu. Pamene palibe njira ya oyenda pansi, yendani kumanja moyang'anana ndi magalimoto.

M'miyezi ya June ndi July kumada msanga, ndipo ambiri timavala majekete akuda. Wovala zakuda usiku saoneka mpaka galimoto itamuyandikira. Kavesiti konyezimira, konga kamene amavala alonda, n'kotsika mtengo; kavaleni pamwamba pa jekete. Mowanso umasokoneza maso poyeza mtunda, ndiye mnzanu akaledzera musamusiye awoloke yekha.

Apanjinga, kuvala chipewa choteteza mutu ndi lamulo kuyambira 2004, ndipo lamba wake azimangidwa pansi pa chibwano. Palasani kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto, nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Musapanikizike pambali pa lole kapena basi imene ikukhota, woyendetsa sakukuonani.

Munthu akagundidwa, imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177 kuitana ambulansi. Musamunyamule kapena kumukoka pokhapokha ngati pamene wagonapo pali poopsa, chifukwa khosi kapena msana zingakhale zitathyoka. Pamene pakutuluka magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera. Lembani nambala ya galimotoyo. Amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akudzimva bwino, poti magazi amatha kukha mkati osaoneka. Musaope za mapepala: malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi.