Sampu ikanyowa ndi oyilo, musathamangire sipanala

Galimoto ikayamba kusiya madontho akuda pamene yagona, mwini wake amasuzumira kunsi, n'kupeza sampu ili noninoni, basi mlandu wagamulidwa: gasiketi yatha. Nthawi zina amakhala akulondola. Koma ife amakaniko timadziwa kuti gasiketi ya sampu imasenza milandu yambiri imene sinapalamule. Pa galimoto zaliwiro zimene amati sports car, kulakwitsa pamenepa kumapweteka kwambiri, chifukwa kungofika pa gasiketiyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Sampu ndi chiwiya chomangidwa kunsi kwa injini, kumene oyilo amatsikira akamaliza kuzungulira, pampu n'kumukokanso. Pakati pa sampu ndi thunthu la injini pali gasiketi yotseka mpata. Popeza sampu ili pansi pa zonse, oyilo wothawa kulikonse pa injini amakathera pomwepo. Zili ngati denga lodontha: pamene madzi akugwera si pamene pali chibowo. Oyilo akhoza kuchokera pa gasiketi ya chivindikiro cha mavalavu pamwamba penipeni, pa fyuluta kapena pachimake chimene fyuluta imamangidwapo, pa switch ya oil pressure (imene imayatsa nyale ya oyilo), pa mapaipi opita ku oil cooler (choziziritsa oyilo), kapenanso pa oil seal (labala wotseka oyilo) ya kutsogolo kapena ya kumbuyo kwa crankshaft, shafuti yaikulu imene mapisitoni amazunguza. Mphepo ya pa msewu imamukankhira kumbuyo, moti kudontha kwa kutsogolo kwa injini kumatha kunyowetsa mpaka giyabokosi. Ndipo pali wolakwa wina wamng'ono amene anthu samuganizira, washala wa bawuti yokhuthulira oyilo. Washalayu amaphwanyika pomanga kuti atseke bwino, choncho amayenera kusinthidwa nthawi iliyonse imene mwasintha oyilo.

Ndiye musanagule kanthu, tsukani injini ndi mankhwala ochotsa mafuta, iume gwa, muyendetse galimoto mpaka itenthe, kenako muunike ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika. Malo okwera kwambiri amene anyowanso ndi amene muyenera kuwakayikira. Kukakhala kudontha kwa pang'onopang'ono, pali utoto wothira mu oyilo umene umawala ukaunikidwa ndi nyale ya UV, ndipo umalozera pa chibowo penipeni. Muonenso valavu ya PCV, imene imatulutsa mpweya wodutsa m'mbali mwa mapisitoni. Ikatsekeka, mpweyawo umadzaza m'kati mwa injini n'kumakankha oyilo paliponse pofooka. Mukaika gasiketi yatsopano valavuyo ili chitsekekere, kudontha kudzangosamukira pena.

Tinene kuti mwatsimikiza kuti ndi gasiketi. Imatha chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kosatha. Oyilo wa injini yotentha amakhala cha m'ma 100°C, ndipo galimoto ikamathamangitsidwa pa bwalo la mpikisano amatha kupitirira 130°C. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho pamene zitsulo ziwirizi zakumana gasiketi imakhala ikukhutizidwa tsiku ndi tsiku. Labala wake amauma, n'kusiya kutamuka. Galimoto za sports car zilinso zazifupi kwambiri kunsi. Sampu ikagunda mwala kapena hampu, ya aluminiyamu imachita mng'alu woonda ngati tsitsi, ya chitsulo imapindika. Mng'alu wotere gasiketi singauchize.

Chimene ambiri amayamba kuchita ndi kutenga sipanala n'kukungitsa mabawuti. Musatero. Gasiketi youma siitsitsimuka poifinya, imangosweka. Pa sampu ya chitsulo chopyapyala, kukungitsa kumakoka mlomo wa sampu pozungulira bawuti, pakati pa mabawuti n'kutsala mpata waukulu kuposa kale. Pa aluminiyamu mumadya mazinga kapena kudula bawuti. Za mankhwala othira mu oyilo oti amaletsa kudontha, amangofufumitsa labala kwa kanthawi. Ine sindiwaika mu injini imene ndimaifunira zabwino.

Vuto lenileni la sports car ndi kufikira. Opanga amakhazika injini pansi kwambiri ndiponso chakumbuyo kuti galimoto isamayepe pokhota, ndiye sampu imakhala itatsamira pamwamba pa subframe, chitsulo chopingasa chimene chimanyamula injini, miyendo ya kutsogolo ndi steering rack, chitsulo chokhotetsa mawilo. Mabawuti mukhoza kumasula onse, sampu n'kutsika pang'ono chabe, n'kukakamira, chifukwa m'kati mwake muli paipi yokokera oyilo imene imafika mpaka pansi. Pa Mazda MX-5 zoyambirira, komanso pa BMW Z4, njira yake ndi kukoloweka injini pa chitsulo china chopingasa choikidwa pamwamba pake n'kutsitsa subframe, kapena kumasula mamaunting'i, pamene injini imakhazikika, n'kuikweza injiniyo. Amakaniko ena pa MX-5 amaona kuti n'kwapafupi kungozula injini yonse. Ndiye makaniko akakuuzani kuti kagasiketi kameneka kadya maola ambiri, si kuti akukuberani. Ndipo subframe ikatsitsidwa, mawilo ayenera kukapimidwanso alayimenti.

Pali galimoto zina zimene zilibe sampu ya mtundu umenewu n'komwe. Porsche 911 zakale zozizira ndi mphepo, ndi Corvette Z06 ya 2006, zimasunga oyilo m'thanki yapadera, mwa njira yotchedwa dry sump, kuti pampu isamakoke mphepo oyilo akathawira mbali imodzi pokhota mwaliwiro. Pa zimenezi muyang'anenso mapaipi ndi thanki, ndipo kapimidwe ka oyilo n'kosiyana. Buku la galimoto yanuyo ndi limene lili ndi mawu omaliza.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuimika galimoto pa zochirikiza zolimba, pamalo osalala. Jeke ndi yokwezera chabe, munthu salowa kunsi kwa galimoto imene yakhala pa jeke yokha. Mumakhuthula oyilo akadali wofunda, n'kuchotsa zotchinga za kunsi, nthawi zina ndi mbali ya ekizozi. Mabawuti a sampu salingana kutalika, ndiye abayeni pa katoni motsatira mmene analili. Bawuti yaitali ikalowa m'dzenje lalifupi imafika pansi isanagwire sampu, kapena kung'amba chitsulo. Sampu ikakana kutsika, yambani mwawerenga mabawuti, chifukwa ena amabisala kumbali ya giyabokosi. Musakhomere sikuludilaiva pakati pa sampu ndi injini. Chikanda chimodzi pa aluminiyamu chimasanduka ngalande ya oyilo mpaka kale.

Sampu ikatsika, musafulumire kuitsuka. Yang'anani zimene zili pansi pake, chifukwa mwayi woona m'mimba mwa injini subwera kawirikawiri. Tinyenyeswa tonyezimira ta mtundu wa kopa ndi chizindikiro choti mabeyaring'i akudyeka. Tizidutswa ta pulasitiki nthawi zambiri timachokera pa zotsogolera tcheni cha timing, chimene chimagwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni. Onaninso kasefa ka kukamwa kwa paipi yokokera oyilo, ndi O-ring, kamphete ka labala ka pamene paipiyo yalumikizana ndi pampu.

Kuyeretsa ndi kumene kumagamula ngati ntchito igwira. Milomo yonse iwiri iyenera kutsala yopanda kachidutswa ka gasiketi yakale ndiponso yopanda mafuta. Palani ndi chopalira cha pulasitiki. Timadisiki tokhakhala tomangirira ku drill timafulumizitsa ntchito, koma timasiya mchenga wosaoneka ndi maso umene umalowa mu oyilo n'kukadya mabeyaring'i, komanso timakumba aluminiyamu. Injini ikhoza kunoka patapita miyezi, mwini wake osadziwa kuti zinayambira pamenepo. Oyilo amapitiriza kutsetsereka m'makoma a injini kwa maola, choncho pukutaninso mlomo mphindi yomaliza musanakweze sampu.

Pa nkhani ya silikoni ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Injini zina zili ndi gasiketi yeniyeni, ya labala kapena ya chitsulo chokutidwa ndi labala. Imeneyi imaikidwa youma. Mukaipaka silikoni imaterera n'kufinyikira kunja pomanga. Kadontho ka silikoni kamafunika pokhapokha pamene zitsulo zitatu zakumana, monga pamene chivindikiro cha timing chagundana ndi thunthu la injini. Injini zina, makamaka zambiri za ku Japan, zilibe gasiketi: silikoni wa RTV, wouma yekha popanda kutenthetsa, ndiye gasiketi yake. Apa mumajambula mzere umodzi wosaduka, wonenepa mamilimita 2 mpaka 4 malinga ndi buku, wodutsa cham'kati mwa mabowo a mabawuti, n'kukweza sampu pasanathe mphindi zochepa, silikoni asanachite khungu. Ambiri amaganiza kuti kuchulutsa ndiko kutseka bwino. Koma silikoni amene mukumuona atatumphukira kunja, wina wochuluka chomwecho watumphukira m'kati. Ameneyo amadzathothoka, n'kukatseka kasefa kaja, injini n'kusowa oyilo ili pa liwiro lalikulu. Kudontha kwa madontho ochepa kwasanduka injini yakufa.

Pomanga, lowetsani mabawuti onse ndi dzanja kaye, kenako muzimanga modumphadumpha kuyambira pakati kupita kumapeto, kawiri kapena katatu, ndi torque wrench, sipanala yopima mphamvu yomangira. Mabawuti ang'onoang'ono a M6 amafuna cha m'ma 10 Nm basi pa sipanalayo, mphamvu imene dzanja lozolowera kumanga mawilo limaipitirira osazindikira. Injini ya BMW ya N52 ili ndi mabawuti a aluminiyamu amene amatamuka pomanga, ndipo sabwezeredwanso. Mugule atsopano pamodzi ndi gasiketi. Pa injini za LS za Corvette sampu ndi mbali ya mphamvu ya injini, ndipo kumbuyo kwake kuyenera kulingana ndendende ndi thunthu musanakungitse.

Ngati mwagwiritsa ntchito silikoni, dikirani nthawi imene yalembedwa pa chubu musanathire oyilo. Masilikoni ambiri amauma kotheratu pakatha maola 24. Ikani fyuluta ndi washala watsopano, thirani oyilo wa muyezo wake, lizani injini maso ali pa nyale ya oyilo. Ikapanda kuzima pakatha masekondi ochepa, zimitsani injini nthawi yomweyo. Ikatentha unikaninso mlomo wonse, mupimenso oyilo itazizira. Masiku oyamba mukhoza kuonabe dontho pansi, chifukwa oyilo wakale amabisala m'mapanga a subframe ndi pa zotchinga. Pukutani, muonenso mawa lake: ngati mlomo wa sampu uli wouma, ndi zotsalira chabe.