Mfuti zolembetsa m'dzina la trust ku America: momwe zinayambira ndi zomwe lamulo limafuna

Pa 14 February 1929, anthu asanu ndi awiri anaphedwa mu garaja ina ku Chicago pa mkangano wa magulu ogulitsa mowa mozemba lamulo, ndipo ophawo anagwiritsa ntchito mfuti zachiwaya za Thompson. Mu February 1933 munthu wina anawombera Franklin Roosevelt, amene anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti, ku Miami, anamuphonya koma anavulaza meya wa Chicago, Anton Cermak, amene pambuyo pake anamwalira. Zinthu ngati izi ndi zomwe zinachititsa kuti pa 26 June 1934 dziko la America likhazikitse lamulo la National Firearms Act.

Boma silinaletse mfutizo chifukwa linkaopa kuti makhoti angakane. M'malo mwake linalamula kuti zizilembetsedwa ndipo linaika msonkho wa madola 200 pa kusamutsa mfuti ya m'gulu lomwe lamuloli linatchula, ndalama yomwe panthawiyo inkafanana ndi mtengo wa Thompson yeniyeni. Khoti lalikulu linavomereza lamuloli ngati lamulo la msonkho mu 1937 pa mlandu wa Sonzinsky. Lero m'gululi muli mfuti zachiwaya, zipangizo zozimitsira phokoso la mfuti, rifle ya mpope wosakwana mainchesi 16, shotgun ya mpope wosakwana mainchesi 18, iliyonse mwa ziwirizi ikadulidwa n'kutsala yosakwana mainchesi 26 kutalika konse, komanso zida zophulitsa zomwe zinawonjezedwa mu 1968. Kuyambira pa 19 May 1986 munthu wamba sangalembetse mfuti yachiwaya yatsopano. Zomwe zimagulitsidwa ndi zakale zokhazokha, ndipo mitengo yake inakwera zedi.

Nanga trust inalowapo bwanji? Trust ndi chikalata chimene munthu amaikira katundu wake m'manja mwa osunga, kuti amusamalire m'malo mwa anthu amene adzapindule naye. Lamulo la msonkho limawerengera trust ngati munthu. Kwa zaka zambiri munthu wofuna kulembetsa mfuti m'dzina lake ankayenera kutumiza zidindo za zala, chithunzi, ndiponso siginecha ya mkulu wa apolisi wa m'dera lake. Apa ndi pamene panali vuto. Mkulu wa apolisi sankakakamizidwa kusaina, ndipo m'madera ena ankangokana popanda kupereka chifukwa, ngakhale wopemphayo analibe mlandu uliwonse. Koma trust ilibe zala zodinda kapena nkhope yojambula, choncho zinthu zitatuzi sizinkafunidwa kwa iyo. Maloya anaona khomo limeneli ndipo anthu anayamba kudzerapo. Bungwe la ATF, lomwe limayang'anira kaundula wa mfutizi, linanena kuti mapempho ochokera ku ma trust ndi makampani anali pafupifupi 840 mu 2000, koma pofika 2012 anali atafika cha m'ma 40,700.

Mkangano wake unali woonekeratu. Boma linkati munthu woletsedwa kukhala ndi mfuti akhoza kubisala kumbuyo kwa chikalata. Eni mfuti ankati iwo athawira ku trust chifukwa cha nkhanza za akuluakulu apolisi okana kusaina. Mbali zonse zinali ndi mfundo, ndipo lamulo la 41F, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 13 July 2016, linamvera onse pang'ono. Linachotsa siginecha ya mkulu wa apolisi kwa aliyense, n'kusiya kungomudziwitsa. Koma linalamulanso kuti aliyense wa m'trust amene ali ndi mphamvu yosunga, kusamutsa kapena kulamula za mfutiyo, amene amatchedwa responsible person, afufuzidwe ngati munthu payekha.

Choncho masiku ano ntchito imayenda motere. Trust iyenera kukhala yovomerezeka pa malamulo a state yake (chigawo cha America chokhala ndi malamulo akeake), yosainidwa bwino, ndipo nthawi zambiri imadindidwa ndi notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni zikalata. Pogula mfuti kwa wogulitsa amadzaza Form 4. Popanga yekha, monga kudula mpope, amadzaza Form 1 ndipo asakhudze macheka chilolezo chisanabwere. Pamodzi ndi fomuyo pamapita kope lathunthu la trust, ndi zowonjezera zonse komanso zosintha zomwe zinalembedwa pambuyo pake. Responsible person aliyense amadzaza Form 5320.23, kuikapo chithunzi cha mainchesi awiri mulitali ndi mulifupi chojambulidwa chaka chisanathe, ndi makhadi awiri a zidindo za zala a FD-258, kapena zidindo za pakompyuta ngati akutumiza kudzera pa eForms, njira ya pa intaneti ya ATF. Kope la fomu limapita kwa mkulu wa apolisi. Fomu, chithunzi ndi zidindo zimabwerezedwa pa pempho lililonse latsopano, ndiye trust ya osunga asanu ndi mafomu asanu, zithunzi zisanu ndi makhadi khumi. N'chifukwa chake kudzaza achibale onse m'trust si nzeru. Mmodzi akachedwa kapena dzina lake likakodwa pofufuza, pempho lonse limaima.

Zolakwa zambiri zimakhala zazing'ono. Dzina la trust pa fomu lisasiyane ndi la pachikalata ngakhale chilembo chimodzi. Wopanga mfuti pa Form 1 ayenera kuzokota pachitsulo dzina la trust, mzinda ndi state, mozama osachepera mainchesi 0.003, ndipo amene anasankha dzina lalitali amaona yekha kuvuta kwake pofuna malo pa kachitsulo kakang'ono. Ena amalemba munthu mmodzi yemweyo ngati woyambitsa, wosunga yekhayo komanso wopindula yekhayo, zomwe m'ma state ambiri zimapangitsa trust kukhala yopanda ntchito. Trust ikagwa, mfuti imatsala yolembetsedwa m'dzina la chinthu chomwe kulibe, ndipo kukhala ndi mfuti yosalembetsa ndi mlandu wa zaka mpaka 10 kundende. Kupita ndi mfuti yachiwaya kapena ya mpope waufupi ku state ina kumafunanso chilolezo cha Form 5320.20. Ndipo trust siiposa lamulo la state: ku California, New York ndi Illinois munthu wamba saloledwa kukhala ndi chozimitsira phokoso, kaya ali ndi chikalata chotani.

Ngati khomo lozembera linatsekedwa, trust yatsala ndi phindu lanji? Phindu lake lenileni lili pakhomo. Mfuti yolembetsedwa m'dzina la bambo ndi ya bambo yekha. Mayi amene ali ndi kiyi wa sefa bambo kulibe akhoza kuonedwa ngati akusunga mfuti yosakhala yake. M'trust onse awiri akhoza kukhala osunga ovomerezeka. Komanso woyambitsa akamwalira, chikalata chimanena kale amene atenge udindo ndi amene alandire katundu, ndipo kusamutsa kwa wolandirayo kumachitika pa Form 5 popanda msonkho.

Msonkho wa madola 200 unakhala osasintha kwa zaka zoposa 90. Lamulo lomwe linasainidwa pa 4 July 2025 linautsitsa kufika pa ziro kuyambira pa 1 January 2026 kwa zozimitsira phokoso ndi mfuti za mipope yaifupi, koma mfuti zachiwaya ndi zida zophulitsa zimalipirabe. Lamulo limenelo silinachotse kulembetsa, mafomu kapena zidindo za zala.