Kampani ikagwa sindiye kuti mwaberedwa

Ku Mangochi anthu ambiri amakhulupirira kuti akaika ndalama m'kampani ya usodzi kapena loji, phindu osabwera, ndiye kuti ndi chinyengo basi. Khoti silimaona choncho.

Tiyerekeze kuti munthu wakugulitsani masheya ponena kuti kampani yake ili ndi maboti atatu a injini ku Monkey Bay, pomwe ilibe ngakhale limodzi. Limenelo ndi bodza pa chinthu chooneka, ndipo mlandu ulipo. Koma ngati maboti analipodi, usipa n'kusowa chaka chimenecho, mwangoluza pa malonda.

Kuti mupambane mlandu wa chinyengo kukhoti, muyenera kutsimikiza zinthu zinayi: zomwe wogulitsayo ananena zinali zabodza, iye ankadziwa kapena sanasamale ngati zili zoona, inu munapereka ndalama chifukwa cha mawuwo, ndipo munatayadi ndalama. Chachiwiricho ndiye chimavuta kwambiri. N'chifukwa chake mauthenga a WhatsApp, malisiti a Airtel Money kapena Mpamba, ndi satifiketi ya masheya si zotaya.

Kumangitsa munthu kupolisi sikubweza ndalama pakokha. Nthawi zambiri pamafunika kumusumira panokha. Musanagule masheya, kafufuzeni ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ngati kampaniyo inalembetsedwa komanso eni ake ndi ndani.