James Watt ndi injini imene inaleka kuwononga malasha

Pali nthano yofala yakuti James Watt anatulukira injini ya nthunzi ataona chivundikiro cha ketulo chikudumphadumpha pamoto. Nthanoyi imakoma kumva, koma imaphimba ntchito yeniyeni ya munthuyu. Pamene Watt ankabadwa ku Greenock m'dziko la Scotland mu 1736, injini za Thomas Newcomen zinali zitapopa kale madzi m'migodi ya ku England kuyambira mu 1712.

Injini ya Newcomen inkagwira ntchito chonchi: nthunzi inkadzaza silinda (chitsulo chobulungira chonga mgolo), kenaka ankawazamo madzi ozizira kuti nthunziyo isanduke madzi, ndipo mkatimo mukatsala mopanda kanthu, mpweya wakunja unkakankhira pansi pisitoni (chotsekera choyenda chokwera ndi chotsika mu silindamo), mtanda waukulu wapamwamba n'kukoka mpope. Vuto linali lakuti madzi ozizirawo ankaziziritsanso chitsulo cha silinda, kotero nthunzi yotsatira inkayamba yathera pa kutenthetsa chitsulo isanagwire ntchito iliyonse. Zinali ngati mayi amene amathira madzi ozizira mumphika nthawi iliyonse ukayamba kuwira, kwinaku akudandaula kuti nkhuni sizikukhalitsa.

Watt, yemwe ankakonza zida zasayansi pa yunivesite ya Glasgow, anapatsidwa kainjini kakang'ono kophunzitsira ka mtundu umenewu kuti akakonze. Kanamusowetsa mtendere, chifukwa kankatha nthunzi mwamsanga kwambiri. Yankho linamubwerera mu 1765 akuyenda pabwalo la Glasgow Green: nthunzi isamaziziritsidwire mu silinda, koma izikokedwera m'chotengera china chapambali chimene chizikhala chozizira nthawi zonse, silinda n'kumakhalabe yotentha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona ukulu wa Watt, pakuti anthu ambiri anali atayang'ana injiniyi kwa zaka 50 osaona pamene moto unkathawira.

Kuchoka pa ganizo kufika pa injini yogulitsa panadutsa zaka zoposa 10 za ngongole ndi kugwa mphwayi. Mu 1769 analandira chikalata cha boma choletsa ena kukopera luso lake, koma John Roebuck, amene ankamuthandiza ndi ndalama, chuma chinamuthera, ndipo amisiri a nthawiyo sankatha kuboola silinda yowongoka bwino yosatulutsa nthunzi m'mbali. Zinthu zinayenda Watt atasamukira ku Birmingham mu 1774 n'kugwirizana ndi Matthew Boulton, mwini fakitale ya zitsulo kumeneko, komanso John Wilkinson, woboola mizinga, atayamba kuwaboolera masilinda. Injini zoyamba zinayamba ntchito mu 1776.

Amene anazithamangira kwambiri anali eni migodi ya mkuwa ndi tini ku Cornwall, dera la kum'mwera chakumadzulo kwa England, kumene malasha ankachokera kutali ndipo anali okwera mtengo. Komweko ndi kumene kunabukanso mkangano. Boulton ndi Watt ankafuna kuti chaka ndi chaka azilipidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za malasha opulumutsidwa, ndipo Nyumba ya Malamulo inali itatalikitsa chikalata chija mpaka mu 1800. Eni migodi anayamba kuona malipirowo ngati goli, ena anakana kulipira, ndipo amisiri ena anapanga injini zawozawo, nkhani n'kukathera kukhoti, kumene Watt anapambana mu 1799. Anali ndi ufulu wodya thukuta lake, komabe n'zoona kuti chikalatacho chinamanga manja amisiri ena aluso, ndiponso iye mwini ankadana ndi nthunzi yopanikizidwa kwambiri poopa kuphulika. Chikalata chitatha mphamvu, Richard Trevithick wa ku Cornwall komweko anayendetsa injini panjanji ku Wales mu 1804 pogwiritsa ntchito nthunzi yomwe Watt ankaiopayo.

Pakati pa 1781 ndi 1788 Watt anasintha injini yake kuti izizunguza gudumu, izikankha pisitoni mbali zonse ziwiri, ndiponso izidziletsa yokha liwiro, ndipo kuyambira apo fakitale ya thonje sinafunikirenso kumangidwa m'mbali mwa mtsinje kuti madzi aziyendetsa makina ake. Anamwalira mu 1819. Malo opangira magetsi ndi malasha masiku ano amaziziritsirabe nthunzi m'chotengera chapadera, ndipo chilembo cha W chimene timachiona pa babu kapena pa sola tikamagula chimaimira dzina lake.