Namondwe Akafika Msilikali Ali Kuntchito: Uthenga kwa Mabanja a Asilikali

Ngozi ikagwa, anthu ena amathamangira kwawo kukaona ana, koma msilikali amaitanidwa kuntchito. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, asilikali ndiwo ankafukula anthu m'matope ndi kuwolotsa ena pa maboti ku Nsanje ndi Chikwawa. Ena amakhala ku DRC miyezi yambiri pantchito yosungitsa mtendere. Choncho amene mwatsala pakhomo, kaya mukukhala ku Cobbe, ku Kamuzu, ku Moyale kapena pa lendi kunja kwa baraki, konzekani kuchita zonse panokha mvula isanayambe mu Novembala.

Yambani ndi mankhwala. Ngati m'banjamo muli amene amamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a TB kapena a khunyu, musadikire kuti botolo lithe. Milatho ikaduka mutha kukhala masabata osafika kuchipatala, ndipo kulekeza mankhwala amenewa n'koopsa. Fotokozerani adokotala kuti mukufuna kukhala ndi okwanira. Mangani mankhwalawo m'jumbo limodzi ndi mabuku akuchipatala, makadi a sikelo a ana ndi ziphaso za unzika, muike m'chikwama chimodzi chomwe ngakhale mwana wamkulu akudziwa pamene chili. Onjezanimo tochi, sopo, neti, mapaketi a Thanzi ORS, WaterGuard ndi ndalama pang'ono zapamanja, chifukwa netiweki ikagwa Mpamba ndi Airtel Money sizithandiza.

Madzi akaphwa, kolera ndiye amabwera. Zimbudzi zikagumuka, chimbudzi chimalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Mliri umene unayamba mu 2022 pambuyo pa anamondwe a Ana ndi Gombe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa muziwiritsa mpaka abwate, kapena thirani klorini ndi kudikira mphindi 30, ngakhale akuoneka oyera. Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, mum'mwetse Thanzi nthawi yomweyo uku mukupita naye kuchipatala. Musadikire kuti bambo ayimbe foni kaye. Kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa. Thanzi akasowa, sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Malungo nawo amachuluka chifukwa cha zithaphwi, ndiye neti igwire ntchito ngakhale mukugona m'kalasi kapena m'tchalitchi.

Msilikali asananyamuke, khalani pansi mugwirizane: madzi akalowa m'nyumba mudzathawira kuti, ana akakhala kusukulu adzawatenga ndani, ndipo ndi ofesi iti kubaraki imene mungafikeko pakagwa vuto. Manambala a foni alembedwe papepala. Mayi woyembekezera amene masiku ayandikira akadikirire kuchipatala.

Mvetserani pawailesi machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Akati samukani, samukani kukadali kowala, ndipo musawoloke madzi othamanga ngakhale akulekeza m'mawondo.