Kamera iime pati? Mkangano umene unaumba magule a m'mafilimu a ku Hollywood

Mafilimu atayamba kukhala ndi mawu mu 1927, makampani a ku Hollywood, ku America, anathamangira kujambula nyimbo ndi magule, koma zimene zinkatuluka zinali zosakoma kuonera. Kamera za nthawiyo zinkasokosa, choncho ankazitsekera m'kachipinda kuti maikolofoni asatole phokosolo, ndipo ovina ankaonekera patali, malo amodzimodzi.

Mmodzi mwa amene anamasula kamera anali Busby Berkeley, wokonza magule, yemwe pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankakonza maperete a asilikali. Mufilimu ya 42nd Street ya mu 1933, iye anakweza kamera kudenga n'kujambula atsikana ambirimbiri atandanda mozungulira, miyendo ndi manja zikutseguka ndi kutsekeka ngati duwa. N'zokongola ndithu, koma mukayang'anitsitsa mupeza kuti atsikanawo sakuvina kwenikweni. Imene ikugwira ntchito yaikulu ndi kamera.

Fred Astaire, amene anavina ndi Ginger Rogers m'mafilimu khumi, sanagwirizane nazo. Iye ankaumirira kuti wovina aoneke yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndiponso kuti gule ajambulidwe mosaduladula. Kwa ine, apa m'pamene pagona luso lenileni, chifukwa chithunzi chikamadulidwa pafupipafupi, wolumikiza zithunzi amatha kubisa phazi limene laphonya kapena wovina amene watha mpweya, pamene gule wojambulidwa mosadukiza sabisa kanthu. N'chifukwa chake Astaire ndi mnzake wokonza magule Hermes Pan ankatha milungu yambiri akuyeserera gule wa mphindi zitatu zokha. Pambuyo pake wovina wina, Gene Kelly, anadutsa pakati: mu Singin' in the Rain ya mu 1952, kamera imayenda naye mumsewu mvula ikukhuthuka, koma thupi lake limaonekabe lonse.

Sitingakambe mbiri imeneyi osatchula ovina akuda a ku America, amene anali patsogolo pokulitsa gule wa tap, uja wogogoda pansi ndi nsapato zokhomedwa tizitsulo. Bill Robinson anavina pamasitepe ndi kamtsikana Shirley Temple mu 1935. Ndipo amene sanaonepo Fayard ndi Harold Nicholas mu Stormy Weather ya mu 1943 ayesetse kuifunafuna: anyamata apachibalewa amatsika masitepe akuluakulu akudumphana pamutu, aliyense n'kukatera pansi miyendo itatambasukiratu, kenako n'kudzuka osagwira pansi ndi manja. Kamera imangowatsatira n'kumaonetsa zonse.

Chondiwawa n'chakuti kawirikawiri akatswiri oterewa sankapatsidwa mbali zikuluzikulu m'nkhani ya filimu. M'mafilimu ambiri a azungu, gule wawo ankamuika payekha, wosakhudzana ndi nkhaniyo, kotero kuti eni nyumba zoonetsera kanema m'zigawo za kummwera kwa dzikolo, kumene tsankho linali lovomerezeka ndi lamulo, ankatha kumuchotsa popanda oonera kuzindikira kuti pasowa kanthu.